ANA AAFUPI MIKONO NDI MIYENDO: CHIMENE MADOTOLO AFUFUZA NDI CHIMENE APEZA

Mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za ana ena amene ambiri a ife tinawaonapo pa msika, kapena pa njira, kapena m'mudzi mwathu momwe, koma osadziwa chimene chinawachitikira. Tinena za mwana amene thunthu la thupi lache liri ngati la anzache, koma mikono ndi miyendo yache njaifupi, makamaka kuchokera pa phewa kufikira pa chigongono, ndi kuchokera m'chiuno kufikira pa bondo. Mutu wache ndi waukulu, mphumi yotulukira kunja, ndipo pakati pa maso, pamene iyambira mphuno, mpolowa m'kati. Akatambasula dzanja, zala zache zazifupi zipatukana, chala chapakati nichitalikirana ndi chinzache. Nzeru zache nzamphumphu monga za mwana wina aliyense.

Mwana wotere akabadwa, mau achuluka pa mudzi. Ena ati amai ache anadya chosayenera ali ndi pakati. Ena ati anaseka munthu wopunduka. Ena aloza nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, nati ndiyo inamlodza. Alipo amuna amene anathawa pa ukwati, nanena kuti, Kwathu kulibe mtundu wotere, mwana uyu si wanga. Akakula pang'ono anzache amtcha kafula, kapena mwandionerapati, monga ngati anachokera kwa anthu aja a m'nthano za makolo. Ndipo pamene akulu ali pa milandu yotere, mwanayo ali pa ngozi ina yeniyeni imene palibe aisamala, ndiyo ya khosi ndi kapumidwe kache m'chaka choyamba. Chifukwa chache tayesa nkoyenera kulemba zimene madotolo a m'maiko ambiri apeza pofufuza, kuti amene adziwa kuwerenga akauze amene sadziwa.

DZINA LACHE NDI MAKULIDWE A FUPA

Madotolo atcha chibadwa ichi achondroplasia. Amene anapereka dzinali ndiye Jules Parrot, dotolo wa ana wa ku France, m'chaka cha 1878, ndipo analitenga ku Chigriki. Tanthauzo lache ndilo kusaumbika kwa fupa lanthete. Chipezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 25,000 obadwa, pakati pa akuda ndi oyera ndi Amwenye chimodzimodzi, ndipo si chachilendo pa dziko. Ku Cairo, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za ku Ejipito, muli fano la munthu wina dzina lache Seneb, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 4,000 zapitazo. Wosema anamuonetsa ali chikhalire, miyendo yaifupi atapinda, mkazi wache wa msinkhu wamba atamkumbatira, ndi ana ao awiri ataima m'munsi mwache. Seneb anali nduna yolemekezeka kunyumba ya mfumu. Taonani, anthu akalewo sanachita naye manyazi.

Kuti timvetse chimene chifupikitsa miyendo, tiyambe taona m'mene fupa litalikira. Mukadya mwendo wa nkhuku yaing'ono mupeza kunsonga kwa fupa kuli kofewa, koyera, kotafunika; ndilo fupa lanthete, longa la khutu kapena la nsonga ya mphuno. Mwa mwana, pafupi ndi nsonga zonse ziwiri za fupa lalitali pali kamzere ka fupa lanthete lotere. Pamenepo timaselo, ndito tizigawo tating'onoting'ono ta thupi, tigawikana, tindanda m'mizere, tifufuma, ndipo pambuyo pache malo ao asanduka fupa lolimba. Chomwecho fupa litalika kuchokera kunsonga, monga nsungwi iphuka mfundo ndi mfundo. Mnyamata kapena mtsikana akatha msinkhu kamzere kaja katsekeka, ndipo kutalika kuthera pomwepo. Palibe mankhwala angatsegulenso.

Tsono pa nchito iyi pali kapitao. Tiyerekeze ndi anthu oumba njerwa amene ali ndi kapitao wogwira wenzulo: akaliza, onse apumula, akaleka, abwerera ku dothi. Thupi liri naye kapitao wotere pa timaselo ta fupa lanthete, ndipo ofufuza amtcha FGFR3. Nchito yache njabwino, pakuti popanda iye mafupa akadatalika mopanda muyeso. Koma mwa mwana wa achondroplasia kapitao uyu aliza wenzulo pafupipafupi, ngakhale nthawi yopumula isanakwane. Anchito alipo, dothi liripo, koma njerwa zituluka zochepa. Ndipo apa tiona chifukwa chache mutu ukula pamene miyendo itsalira: mafupa a pamwamba pa chigaza sakulira m'fupa lanthete, ali ndi njira yao ina, koma a pansi pa chigaza, a pakati pa nkhope, a msana, ndi a mikono ndi miyendo, onsewa amvera kapitao uja.

CHICHOKERA KUTI?

Ili ndilo funso limene lipasula maukwati, ndipo yankho lache linapezeka m'chaka cha 1994. M'kaselo kalikonse ka thupi muli malangizo a chibadwa, olembedwa monga m'mipukutu 46. Mipukutu 23 tilandira kwa atate, 23 kwa amai. Langizo limodzi Azungu alitcha gene, ndipo ena kuno kwathu ati jini; tichenjere, tingasokoneze mau awa ndi majini aja a mizimu, pakuti palibe chibale pakati pao. M'chaka chimenecho magulu awiri a ofufuza, lina la John Wasmuth ndi Rita Shiang ku Irvine, m'dziko la California, lina la Arnold Munnich ndi anzache ku Paris, anapeza pa okha pa okha kuti chosinthika chiri m'langizo lopanga kapitao FGFR3, pa mpukutu wachinai. Chodabwitsa ndi ichi, kuti mwa anthu pafupifupi 98 pa 100 alionse a achondroplasia chasinthika ndi chilembo chimodzi chokha, chomwechomwecho, pa malo amodzimodzi, pakati pa malembo mamiliyoni 3,000. Mwana wa ku Japan ndi mwana wa ku Ntcheu, chilembo nchimodzi.

Nanga chilembocho chisinthika liti? Ana 80 pa 100 alionse otere abadwa kwa makolo a msinkhu wamba, amene ku mtundu kwao kunalibe wamfupi chiyambire. Kusinthikako kuchitika pamene mbeu ya ubereki ipangika, mwana asanakhale m'mimba, monga mlembi wokopa kalata nthawi zikwi zambiri aphonya chilembo tsiku lina. Chotero chakudya cha amai, kapena ulendo umene anayenda, kapena munthu amene anamuona ali ndi pakati, ziribe kanthu konse. Ofufuza anapezanso kuti kusinthika kwatsopano kotere kuchitikira m'mbeu ya mwamuna, ndipo kuchuluka pamene atate apitirira zaka 35. Sitinena ichi kuti mlandu uchoke kwa amai nupite kwa atate, iai, pakuti palibe mwamuna angalamulire mbeu yache. Koma mwamuna uja wonena kuti, Kwathu kulibe mtundu wotere, amve bwino: mwanayo ndi wache ndithu.

Makolo a msinkhu wamba amene abereka mwana mmodzi wotere asaope kuti onse otsatira adzatero, sizichitika kawirikawiri. Koma mwanayo akakula nakwatira kapena kukwatiwa ndi munthu wa msinkhu wamba, mimba iriyonse iri ngati kuponya ndalama m'mwamba: theka mwana adzakhala wamfupi, theka iai. Akakwatirana aafupi okhaokha, pa magawo anai, limodzi mwana akhala wa msinkhu wamba, awiri wamfupi monga makolo, ndipo limodzi alandira chilembo chosinthika kuchokera mbali zonse ziwiri. Mwana wotereyo chifuwa chache chichepa kwambiri, ndipo sakhalitsa. Nkoyenera kuti anthu awiri otere adziwe ichi asanamange banja.

Tisasokonezenso chibadwa ichi ndi kupinimbira. Kalembera wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Uko ndi kufupika kwa njala ndi matenda, ndipo mwana wopinimbira achepa thupi lonse molingana. Mankhwala ache ndi phala lotendera, mazira, usipa, nyemba, ndi madzi abwino. Koma wa achondroplasia, mungamdyetse chotani, miyendo yache sitalika ndi chakudya. Mwamuna wotere akakula afika pafupifupi masentimita 131, ndipo mkazi masentimita 124, ndiwo mapazi anai ndi mainchi ochepa.

KUFUNAFUNA MANKHWALA

Njira ziwiri zinayamba kuyesedwa kale, ndipo tizitchula mwachidule. Yoyamba ndiyo kubaya mwana madzi okulitsa amene thupi lipanga m'kachiwalo ka pansi pa ubongo. Ku Japan anavomereza njirayi m'chaka cha 1997. Mwana afulumira kukula chaka choyamba ndi chachiwiri, koma pambuyo pache phindu lichepa, popeza mwanayo sanali kusowa madziwo poyamba pomwe. Yachiwiri ndiyo ya Gavriil Ilizarov, dotolo wa ku Kurgan m'dziko la Russia, amene m'zaka za m'ma 1950 anaonetsa kuti fupa likadulidwa, nilikokedwa ndi zitsulo milimita imodzi pa tsiku, fupa latsopano limera pa mpatapo. Njirayi italikitsadi munthu, koma ndi miyezi yambiri ya zowawa, zilonda, ndi zitsulo zobooleza mwendo, ndipo siikhudza khosi kapena msana.

Atamdziwa kapitao uja, ofufuza anafunsa kuti, Kodi sitingathe kumchepetsa mphamvu? Thandizo linachokera kosayembekezeka. M'chaka cha 1990 ofufuza a ku Japan anapeza m'ubongo wa nkhumba kanthu kamene anakatcha CNP, ndipo poyamba anayesa kuti nchito yache nja mitsempha ya mwazi. Pambuyo pache kunaoneka kuti kagwiranso nchito m'fupa lanthete, ndipo kachita ngati munthu woimirira pa njira ya mthenga wa kapitao: wenzulo ilira, koma mau akuti lekani nchito safika onse kwa anchito. M'chaka cha 2004 Akihiro Yasoda ndi anzache a ku sukulu yaikulu ya Kyoto anaonetsa kuti mbewa zobadwa ndi chibadwa chonga achondroplasia, zikakhala ndi CNP wambiri m'fupa lanthete, mafupa ao atalika. Koma panali chopinga. CNP wa m'thupi akalowa m'mwazi aonongeka m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Kampani ya BioMarin ya ku California inamsintha kapangidwe kuti akhalitse, ndipo mankhwala otulukapo anawatcha vosoritide. Kuchokera pa kupezeka kwa chilembo chija kufikira pa kuvomerezeka kwa mankhwala panapita zaka 27. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono pano tikhalepo pang'ono, pakuti njira imene madotolo ayesera mankhwala njoyenera kuidziwa munthu aliyense, angakhale alibe mwana wamfupi. Munthu akadza kwa inu nati, Ndinapatsa mwana muzu uwu ndipo anakula, mudzadziwa bwanji kuti wamkulitsa ndi muzuwo? Kodi mwana sakula yekha? Mlimi wofuna kudziwa mphamvu ya manyowa sathira munda wonse. Agawa munda pawiri, mbeu imodzi, mvula imodzi, nathira mbali imodzi yokha. Ndipo akakhala woona mtima sasankha mbali ya kudambo kuti ndiyo ilandire manyowa, pakuti adzadzinyenga yekha pa nthawi yokolola.

Chomwecho anachita madotolo otsogoleredwa ndi Ravi Savarirayan wa ku Melbourne, m'dziko la Australia. Anayamba ndi ana 35 okha, kuti apeze muyeso woyenera ndi kuona ngati mankhwalawo sapweteka. Zotsatira zache zinasindikizidwa mu 2019. Pamenepo anasonkhanitsa ana 121, a zaka zoyambira 5 kufikira 17, m'zipatala 24 za m'maiko asanu ndi awiri: Australia, Germany, Japan, Spain, Turkey, America ndi Britain. Mwana aliyense anayamba wapimidwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo asanalandire kanthu, kuti adziwe makulidwe ache a nthawi zonse. Atatero anawagawa mwa maere: ana 60 alandire vosoritide, ana 61 alandire madzi opanda mankhwala, ofanana maonekedwe, m'mabotolo ofanana. Mwana sanadziwe chimene alandira, makolo sanadziwe, ngakhale namwino wopima msinkhu sanadziwe. Mwina mudzati, Nanga si chinyengo chimenecho? Iai, pakuti makolo onse anauzidwa poyamba kuti kudzakhala maere, navomera. Ndipo kubisaku nkwakuti diso la munthu likonda kuona chimene mtima uyembekeza. Namwino wodziwa kuti uyu alandira mankhwala angamuongole msana pang'ono popima, wosadziwa kuti watero.

Tsiku ndi tsiku kwa masabata 52 ana onsewa anabayidwa jekeseni ya pansi pa khungu. Tiganizire za ana 61 aja amene anapirira singano chaka chathunthu polandira madzi chabe. Popanda iwo palibe chikadadziwika. Chaka chitatha anatsegula maina. Mwana wa achondroplasia wa msinkhu uwu akula pafupifupi masentimita 4 pa chaka. Olandira madzi anapitirira monga kale. Olandira vosoritide anawaposa ndi sentimita 1.57 pa chaka. Zimenezi zinasindikizidwa m'nyuzi ya madotolo yotchedwa The Lancet mu 2020, ndipo ana onse, ndi olandira madzi omwe, anapatsidwa mwai wopitirira ndi mankhwala enieni.

Sentimita 1.57 ndiko kunenepa kwa chala cha mkombaphala. Wina adzaseka, nati, Singano 365 kugula chala chimodzi! Koma aonkhetse chala pa chala kwa zaka khumi, ndipo adzapeza msinkhu woposa chikhato. Ana amene anapitirira chaka chachiwiri anasungabe liwiro lao latsopano. Zovuta zimene zinaoneka kawirikawiri ndizo kufiira ndi kutupa pobayapo, ndi kutsika kwa kuthamanga kwa mwazi kwa kanthawi. Chifukwa chache mwana ayenera kudya ndi kumwa asanabayidwe. Maiko a ku Ulaya anavomereza mankhwalawa mu August 2021, ndi America mu November 2021, pa dzina la malonda la Voxzogo. Mu 2023 America inaloleza kuti apatsidwe ndi makanda omwe. Koma tisapitirire pa chimene chinayesedwa. Muyeso waukulu wa chaka chija unali msinkhu. Ndipo boma la America linavomereza pa pangano lakuti anawo apitirire kupimidwa kufikira atakula. Mankhwalawa sachotsa chilembo chosinthika, sathandiza munthu amene mafupa ache anatsekeka, ndipo ana a wolandirayo adzalowa m'maere omwe aja.

Ena atsata njira zina. Kampani ya Ascendis ya ku Denmark inapanga CNP wotuluka pang'onopang'ono m'thupi, wobaya kamodzi pa sabata. Pa ana 84 a zaka 2 kufikira 11 zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuposa kwa pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa chaka. Mankhwala ena akumwa, otchedwa infigratinib, sadikira mthenga pa njira koma agwira kapitao mwini. Pa kuyesa koyamba kosindikizidwa mu 2024, ana olandira muyeso waukulu anaonjeza masentimita awiri ndi theka pa chaka poyerekeza ndi makulidwe ao akale, ngakhale pa kuyesako panalibe gulu lolandira mankhwala abodza. Ndipo si onse anapambana: kampani ya Pfizer inali ndi mankhwala otchedwa recifercept amene anagwira bwino nchito pa mbewa, koma pofika 2023 inali itawasiya. Ichinso ndi phindu la kuyesa, kuti chosathandiza chitayike chisanafike kwa anthu ambiri.

Za mtengo tinena ndi chisoni. Pamene vosoritide anayamba kugulitsidwa ku America, mtengo wa chaka chimodzi kwa mwana mmodzi unaposa madola 300,000. Ndipo pa maiko asanu ndi awiri aja panalibe la mu Afrika ngakhale limodzi. Chotero munthu akafika pa mudzi ndi botolo nati ali ndi mankhwala otalikitsa mwana, musamtsegulire thumba lanu, kapena kumpatsa mbuzi.

MAU A ANTHU AAFUPI ENI ACHE

Sikuti onse anakondwera ndi mankhwalawa, ndipo otsutsa ena ndiwo anthu aafupi omwe. Ku America ali ndi bungwe lao, Little People of America, limene Billy Barty analiyambitsa mu 1957. Ambiri a iwo ati: Ife sitidwala, chotisautsa si msinkhu wathu, koma chitseko chimene chogwirira chache chiri patali, ndi pakamwa pa anthu onyoza. Ellie Simmonds wa ku Britain, amene anapata mendulo ziwiri za golidi pa mpikisano wosambira wa olumala ku Beijing mu 2008 ali ndi zaka 13, anapanga kanema mu 2022 wofunsa ngati mankhwalawa sadzatsogolera ku dziko lopanda anthu onga iye. Michael Ain, amene sukulu zambiri za udotolo zinamkana, anadzakhala dotolo wa opaleshoni ya mafupa a ana pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ataima pa kampando pogwira nchito.

Ife tiyesa kuti mau ao ngolemera. Mwana wobayidwa tsiku ndi tsiku angaphunzire m'mtima kuti thupi lache ncholakwa chofunika kukonza, makolo akapanda kulankhula naye mwanzeru. Komanso sitingakane kuti mkono wosafika pamwamba pa mutu kapena kumbuyo uvutitsa munthu posamba, popesa, ndi podzisamalira kuchimbudzi. Ndipo mayi wofunira mwana wache mkono wautali pang'ono sitimuweruza. Chimene onse agwirizana ndi ichi, kuti ofufuza asayese msinkhu wokha, koma ayesenso khosi, msana, kapumidwe ndi zowawa. Ndipo pali lamulo limene madotolo a dziko lonse anapangana ku Helsinki mu 1964, lakuti munthu asalowetsedwe m'kafukufuku wosauzidwa ndi wosavomera. Pa mwana avomera ndiwo makolo, ndipo mwana wozindikira afunsidwa iyenso. Lamuloli ligwiranso m'zipatala za kuno kwathu: muli nao ufulu wofunsa, wokana, ndi wotuluka pakati pa njira, osataya chithandizo chanu.

ZIMENE TINGACHITE PA MUDZI

Kufufuza sikunabala mankhwala okha. Kunabalanso nzeru za kaleredwe, ndipo izi sizifuna madola. Akatswiri 55 a m'maiko 16 anazisonkhanitsa m'malangizo amene anatuluka mu 2022.

Chachikulu ndi khosi. Pansi pa chigaza pali chiboo chimene mtsempha waukulu wochokera ku ubongo utsikira kumsana, ndipo pomwepo ndi pamene pali mphamvu yolamulira kupuma. Mwa mwana wa achondroplasia chiboocho nchopapatiza, mutu ngolemera, ndi khosi nlofooka. Kale mu 1987 Jacqueline Hecht ndi anzache a ku Texas anaonetsa kuti imfa zadzidzidzi zichuluka pakati pa makanda otere, ndipo chifukwa chachikulu ndicho kupanikizika kwa malo amenewa. Inu amai, pobereka mwana wotere kumbuyo, nsalu ifike pa mutu ndi kuuchirikiza, mutu ungagwedezeke uku ndi uku pamene mulima kapena kusinja. Ndipo kungakhale bwino kumgoneka chagada pa mphasa, pa mthunzi, mmalo momsinjira kumbuyo. Musampatse mwana mnzache wamng'ono kuti ambereke, ndipo amalume asamponye m'mwamba posewera naye. Mukaona kuti aleka kupuma kwa kanthawi ali m'tulo, kapena aliza mkonono waukulu usiku uliwonse, milomo ida, mkono kapena mwendo ufooka kuposa unzache, kapena aleka kuchita chimene anali atayamba kuchita, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, nimupemphe kuti akaonedwe ku chipatala chachikulu. Ilipo opaleshoni yokulitsa chiboo chija, ndipo yapulumutsa ana ambiri.

Liombo la mwana wotere nlalikulu, ndipo lichedwa kutsekeka. Si nthenda, ndipo silifuna kupakidwa kanthu kapena kutemeredwa. Koma likatukumuka nilimba, mwana nasanza, mutu nukula mofulumira mwezi ndi mwezi, mwina madzi achuluka m'mutu. Chifukwa chache pa sikelo pemphani namwino apime mutu ndi chingwe nthawi zonse ndi kulemba. Dziwaninso kuti mizere ya pa khadi la sikelo inajambulidwira ana a msinkhu wamba. Ana a achondroplasia ali ndi mizere yaoyao, imene William Horton ndi anzache anayamba kuikonza mu 1978. Namwino wosadziwa angaone mwana ali pansi pa mzere, nadzudzula amai kuti samdyetsa. Pamenepo mwana adzadyetsedwa kopitirira, ndipo kunenepa ndi mdani wa msana ndi maondo ache moyo wache wonse.

Pali mwambo wathu wokhazika khanda pa mphasa kapena m'beseni, titalizinga ndi nsalu, kuti lifulumire kukhala. Kwa mwana uyu musatero. Msana wache upindika kumbuyo akakhala asanalimbe, ndipo kupindikako kungakhazikike. Mlekeni agone, agubuduke, ndi kusewera chafufumimba pamene muli pafupi. Adzakhala pa nthawi yache, adzakwawa m'njira yacheyache, mwina akukhoma mutu pansi, ndipo ambiri ayamba kuyenda asanakwanitse zaka ziwiri ndi theka. Kuchedwa kumeneku si kwa nzeru.

Makutu ache adwala kawirikawiri, chifukwa njira yochokera m'khutu kunka kum'mero njaifupi ndi yopapatiza. Khutu lotuluka mafinya lisanyozedwe, pakuti mwana wosamva bwino achedwa kulankhula, ndipo aphunzitsi amuyesa wopusa. Inu aphunzitsi, mkhazikeni kutsogolo, mumuikire njerwa kapena kachipika popondera mapazi, miyendo ingalendewere ndi kuchita dzanzi. Ndipo amene amtcha maina muwaletse msanga. Miyendo ikayamba kupindika ngati uta, mwana namva zowawa poyenda kapena kugwa pafupipafupi, madotolo a mafupa angaiongole. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002, cha ana a mavuto a mafupa. Akakula, miyendo ikamachita dzanzi atayenda pang'ono, nasowa kunjuta pansi kuti apeze bwino, kapena akavutika kusunga mkodzo, ndiko kupanikizika kwa mtsempha m'msana, ndipo asachedwe kukaonana ndi dotolo.

Chotsala ncha ana aakazi. Mtsikana wa achondroplasia atha msinkhu monga anzache, ndipo atha kutenga pakati ndi kubereka. Koma mafupa a m'chiuno mwache ngopapatiza, kotero kuti mwana sangathe kudzera njira yachibadwa. Inu anamkungwi ndi azamba, mkazi wotere asayesedwe kuchira pa mudzi ngakhale pang'ono. Ayambe sikelo mwezi woyamba umene wazindikira, auze madotolo za chibadwa chache ndi cha mwamuna wache, ndipo masiku akayandikira akadikirire ku chipatala chimene chichita opaleshoni, kumene kuli wodziwa kugoneka munthu tulo, pakuti khosi ndi msana wache zifuna dzanja lozolowera.